Kuvula Mpeni Malaya a ku Fakitale

Nkhani ya lero ikunena za mpeni, ndiponso za ntchito ina imene eni mipeni ambiri, makamaka a ku America, amakonda kuigwira pakhomo pawo. Ntchitoyo ndi yochotsa utoto wakuda umene mpeni umabwera nawo kuchokera ku fakitale, kuti chitsulo chake chisalazidwe ndi kukonzedwa mwatsopano. Kwa womvera amene sanaionepo, ntchitoyi ingaoneke ngati yachibwana. Munthu wataya ndalama zake kugula mpeni watsopano, wosakandika paliponse, ndipo asanadulire ndi kamtengo komwe wayamba kale kuupala. Komabe amene amachita zimenezi ali ndi zifukwa zawo, ndipo zina mwa izo nzomveka ndithu. Chimene ambiri a iwo amaiwala nchakuti utotowo sunaikidwe pa mpeni kuti ungokongoletsa ayi. Unali pa ntchito, ndipo munthu akauchotsa ntchitoyo imagwera iye mwini.

Kuti zimenezi zimveke bwino nkofunika kuyamba ndi chitsulo chenichenicho. Chitsulo cha mpeni sichifanana ndi cha msomali kapena cha waya. M'kati mwake muli kaboni wochulukirapo, ndipo kaboniyo ndiye amachititsa kuti chilimbe chikatenthedwa ndi kuziziritsidwa mofulumira. Mtundu wina wodziwika bwino umatchedwa 1095, ndipo manambala awiri otsirizawo akusonyeza kuti kaboni amene alimo ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 100. Chitsulo chotere chimathwa kwambiri, chimapirira kutema ndi kugogoda, ndiponso chimanoleka pa mwala uliwonse wabwino. Vuto lake ndi limodzi: sichichedwa kuchita dzimbiri. Mpeni wotere ukagona panja usiku umodzi m'nyengo ya dzinja, m'mawa umapezeka ndi timadontho tofiira. Chitsulo chosachita dzimbiri chilipo; Harry Brearley anachitulukira ku Sheffield, m'dziko la England, m'chaka cha 1913, ndipo chinsinsi chake ndi chromium, amene amaposa magawo 10 mwa magawo 100. Koma opanga mipeni ikuluikulu ndi zikwanje ambiri sanasiye chitsulo cha kaboni, popeza nchotsika mtengo ndipo sichivuta kunola. Iwo anasankha kuchiveka malaya kuti madzi ndi mpweya zisachikhudze.

Chitsanzo chabwino ndi mpeni wotchedwa KA-BAR. Kumapeto kwa chaka cha 1942, pa nthawi ya nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, gulu la asilikali a ku America otchedwa Marines linavomereza mpeni watsopano woti asilikali ake azinyamula. Chitsulo chake chinali chotalika mainchesi 7, ndiye kuti masentimita pafupifupi 18, ndipo chigwiriro chake chinali cha tizikopa tozungulira tosanjikizana. Makampani angapo anaupanga, koma dzina limene linakanirira ndi la kampani ya Union Cutlery ya m'tauni ya Olean, m'chigawo cha New York, imene inkadinda mawu akuti KA-BAR pa mipeni yake. Asilikaliwo ankamenya nkhondo pa zilumba za m'nyanja ya Pacific, kumene kuli chinyezi chochuluka ndi madzi a mchere, ndipo mchere umafulumizitsa dzimbiri. Kuwonjezera apo, mpeni wonyezimira ukanatha kuulula pamene msilikali wabisala. Motero mipeni yambiri ya nthawi imeneyo inkaviikidwa m'madzi otentha a mankhwala a phosphate, njira imene imatchedwa Parkerizing potengera dzina la banja la Parker la ku Detroit. Mankhwalawo amadya pang'ono pamwamba pa chitsulo ndi kusiyapo khungu lotuwa, losanyezimira, lokhala ndi timaenje tosaoneka ndi maso timene timasunga mafuta.

Mipeni ya KA-BAR ikupangidwabe ku Olean, koma malaya a masiku ano ndi ena. Amisiri amapopera ufa wouma wa pulasitiki pa chitsulo, ufawo umamatirira ndi mphamvu ya magetsi, kenaka mpeniwo umalowetsedwa mu uvuni wotentha madigiri pafupifupi 180 mpaka 200. Ufa uja umasungunuka ndi kusanduka khungu lakuda, lochindikala, lolimba kuposa penti wamba. Mipeni imene imavulidwa kawirikawiri khungu limeneli ndi ya mtundu wa Becker, imene inakonzedwa ndi Ethan Becker ndipo kampani ya KA-BAR inayamba kuipanga kampani ya Camillus itatsekedwa m'chaka cha 2007. Mwa njira, Becker ameneyu ndi mdzukulu wa Irma Rombauer, mayi amene analemba buku lotchuka la zophikaphika ku America. Umodzi mwa mipeni yake, wotchedwa BK2, ndi wochindikala mamilimita oposa 6 ndipo chigwiriro chake nchomanga ndi mabauti. Ichi ndicho chimakopa anthu: mabauti akamasulidwa, chitsulo chonse chimatsala pachokha, chokonzeka kupalidwa.

Nanga amauchotseranji utotowo? Ena amati umakwakwaza, ndipo mpeni ukamalowa mu mtengo umakakamira m'malo moterera. Ena amadandaula kuti ukayamba kutha umasupuka m'tizidutswa, ndipo munthu amene akudulira nyama kapena ndiwo safuna tizidutswa ta pulasitiki m'chakudya chake. Oyenda m'thengo amene amayatsa moto pokhula kandodo ka mwala wa moto ndi msana wa mpeni amapeza kuti msana wokutidwa ndi utoto sutulutsa mbaliwali bwino. Zifukwa zitatuzi nzoona. Chachinayi, chimene mwina ndicho chachikulu ngakhale eni ake sachitchula msanga, ndi maonekedwe. Utoto wakuda ukakandika umanyansa, pamene chitsulo chosakutidwa chikamakalamba chimanka chikongola.

Munthu asanayambe ntchito ayenera kudziwa mtundu wa malaya amene ali pa mpeni wake, pakuti si onse amene amavulidwa mofanana. Opepuka koposa ndi vanishi woonekera, wonga amene amapezeka pa zikwanje zatsopano za m'masitolo a kuno ku Malawi, ndiponso pa mipeni ina ya kukhitchini yochokera ku Japan. Vanishi ameneyu ntchito yake ndi kuteteza chitsulo pa ulendo ndi pa shelefu basi. Kansalu koviika mu acetone kapena mu thina kamamuchotsa m'mphindi zochepa, ndipo pa chikwanje amatha yekha chikangoyamba kugwira ntchito m'munda. Utoto wa ufa uja sumva thina. Umafuna mankhwala amphamvu osupulira penti. Khungu la phosphate si penti konse, ndipo mankhwala osupulira penti salichita kanthu. Limachoka ndi asidi kapena ndi kupala. Palinso malaya ena a makono, opyapyala kuposa tsitsi koma olimba kuposa chitsulo chimene akutacho, monga titanium nitride ndi ena otchedwa DLC, amene amamatidwa m'makina ochotsedwa mpweya. Amenewa mankhwala a m'sitolo sawasuntha, sandipepa amatha iwo akadalipo, ndipo munthu wanzeru amangowasiya.

Woyeneranso kusiyidwa ndi mpeni wakale wa mbiri. KA-BAR wa nthawi ya nkhondo amene akadali ndi khungu lake loyamba, ngakhale lothetheka, ndi wamtengo wapatali kwa osunga zinthu zakale. Akapalidwa ndi kunyezimitsidwa mtengo wake umagwa, ndipo palibe mmisiri amene angabweze zimene zachotsedwazo.

Tsono ntchito yeniyeni imayamba motere. Chigwiriro chimamasulidwa ngati nchomasulika. Ngati ayi, chimakulungidwa bwino, chifukwa mankhwala osupulira penti amasungunula pulasitiki ndi kuwononga chikopa. Mbali yakuthwa imabunthitsidwa pang'ono pa mwala. Ambiri amachita mphwayi pamenepa, poganiza kuti akuwononga mpeni, koma kunola mpeni wobuntha ndi ntchito ya mphindi zowerengeka, pamene chala chodulidwa mtsempha chimatenga miyezi. Mankhwala amapakidwa mochindikala, mpeni umakulungidwa m'pepala la pulasitiki kuti mankhwalawo asaume, ndipo umasiyidwa. Utoto ukapsa umatukusira ndi kuchita makwinya ngati khungu la mkaka wowira, ndipo umapalidwa ndi kathabwa kapena burashi. Nthawi zina pamafunika kubwereza kawiri kapena katatu.

Za mankhwalawa pali chenjezo losayenera kulipeputsa. Kwa zaka zambiri amphamvu koposa anali okhala ndi dichloromethane, amene amatukusa utoto m'mphindi zochepa. Koma nthunzi yake ikalowa m'thupi, gawo lina limasanduka carbon monoxide, mpweya womwewo umene umapha anthu ogona ndi mbaula ya makala m'nyumba yotseka. Anthu angapo anafa akugwiritsa ntchito mankhwalawa m'zipinda zosambira zopanda mazenera. Maiko a mu European Union anagwirizana m'chaka cha 2009 zoletsa kugulitsa mankhwala otere kwa anthu wamba, ndipo boma la America linachitanso chimodzimodzi m'chaka cha 2019. Amene analowa m'malo mwake ndi ofatsa. Amafuna maola angapo kapena usiku wonse. Ngakhale zili choncho, ntchitoyi ndi ya panja, pamalo opita mphepo, munthu atavala magolovesi ndi magalasi oteteza maso, ana ali kutali. Ndipo m'maiko mmene mankhwala akale aja akugulitsidwabe, nkofunika kuwerenga zolembedwa pa chitini asanachitsegule.

Ngozi imene imagwera mpeni weniweniwo ndi kutentha, ndipo apa mpofunika kufatsa. Munthu wosaleza mtima akaona kuti mankhwala akuchedwa amaganiza njira ziwiri zachidule: kuwotcha utotowo pa moto, kapena kuupala ndi makina onolera a magetsi. Njira zonse ziwirizi zimachotsadi utoto, koma zimatha kuchotsanso chimene chimapangitsa mpeni kukhala mpeni. Ku fakitale chitsulo chimatenthedwa mpaka madigiri pafupifupi 800, kenaka chimamizidwa mwadzidzidzi m'mafuta. Chikatuluka mmenemo chimakhala cholimba kwambiri koma chosweka ngati galasi. Pachifukwa chimenechi amachitenthetsanso kachiwiri, mosamala, pa madigiri pafupifupi 200, kuti chifeweko pang'ono ndi kukhala chopirira. Kulimba kwa mpeni kumadalira muyeso wa kutentha kwachiwiriku. Chitsulo chikadzatenthedwanso kupyola pamenepo chimapitiriza kufewa, ndipo kuzizira sikuchibwezera mwakale.

Chitsulo chopalidwa chimadziulula chokha chikamatentha, ndipo osula zitsulo anadziwa zimenezi kalekale, zoyezera kutentha zisanabwere. Chikafika madigiri 220 kapena 230 chimaoneka ngati udzu wouma. Chikapitirira chimafiirira, kenaka chimaoneka ngati biringano, ndipo pa madigiri pafupifupi 300 chimasanduka chabuluu. Mtundu wabuluu ndi woyenera sipuling'i kapena sowo, koma pa mbali yakuthwa ya mpeni ndi chizindikiro cha imfa. Choopsa nchakuti mbali yakuthwayo ndi nsonga ndizo zopyapyala koposa, kotero zimatentha m'kamphindi pamene msana ukadali wozizira m'manja. Munthu amatha kuona kabuluu kakang'ono pa nsonga, nkukapala kuti kasaoneke, koma kufewako kumatsala m'kati. Mpeni wotere umanoleka msanga ndi kubunthanso msanga, ndipo mwini wake amayamba kunena kuti fakitale inamugulitsa chitsulo chabodza. Kuukonza kumafuna kupala chitsulo chonse chofewacho mpaka kufika polimba, kapena kuutengera kwa mmisiri kuti autenthe ndi kuulimbitsa mwatsopano. Ofuna kugwiritsa ntchito makina amasunga chidebe cha madzi pambali, amagwira mpeni ndi manja osavala kanthu kuti amve kutentha, ndipo amaumiza m'madzi usanayambe kuwotcha zala. Pa mwala wonolera wopalasa ndi mapazi wonga wa onola mipeni a m'misika ngoziyi imachepa, popeza mwalawo suthamanga kwambiri.

Utoto ukachoka, ambiri amakhumudwa ndi zimene amapeza kunsi kwake. Amayembekeza chitsulo chosalala ngati kalilole, koma amapeza chotuwa, chokhakhala, chodzaza ndi mizere ya makina. Apa palibe chinyengo. Fakitale sitaya nthawi kusalaza malo amene ikudziwa kuti akutidwa, ndiponso utoto umagwira bwino pokhakhala kusiyana ndi posalala. Imeneyi ndi ntchito ina imene utoto unali kugwira mwakachetechete: unali kubisa zipsera, ndipo ndi chifukwa chimodzi chimene mpeniwo unatsikira mtengo. Dzina la kampani likhoza kutsala ngati linadindidwa mozama m'chitsulo, koma ngati linangolembedwa pamwamba limapita limodzi ndi utotowo.

Kusalaza ndi ntchito ya manja ndi ya chipiriro. Mpeni umapanidwa pa thabwa kuti usagwedezeke, nsonga yake isapitirire thabwalo. Sandipepa amakulungidwa pa kathabwa kosalala, chifukwa chala nchofewa ndipo chimakumba timaenje ndi kufafaniza mizere yooneka bwino imene imalekanitsa mbali za mpeni. Mmisiri amayamba ndi sandipepa wokhakhala, monga wa nambala 220, atadonthezapo mafuta kapena madzi. Mizere yonse ya makina ikatha amasintha ndi kutenga wa nambala 400, kenaka 600, ndipo wofuna kunyezimira amafika pa 1000 kapena kupitirira. Luso lagona pa kusintha njira yokhulira: ngati sandipepa woyamba anayenda mopingasa, wachiwiri ayende motsata utali, kuti mikwingwirima yotsalira ya woyambayo izionekera poyera. Wolumpha msanga kupita pa sandipepa wosalala amangonyezimitsa zipsera, ndipo zimaonekera kwambiri kuposa kale. Potsiriza amakoka sandipepa njira imodzi yokha, kuchokera ku chigwiriro kupita ku nsonga, osabwerera. Pa mpeni waukulu ntchito imeneyi imatenga maola ambiri, ndipo mbali yachiwiri imatopetsa kuposa yoyamba.

Tsopano mpeni wakongola, koma uli maliseche. Chitsulo chongopalidwa kumene chimachita dzimbiri mofulumira kuposa nthawi ina iliyonse; ngakhale thukuta la chala limasiyapo chidindo chofiira pofika mawa lake. Apa mpamene mwini mpeni ayenera kusankha chimene chilowe m'malo mwa utoto uja, ndipo asankhe tsiku lomwelo.

Chodabwitsa nchakuti mankhwala abwino a dzimbiri ndi dzimbiri linzake. Dzimbiri lili ndi mitundu iwiri. Lofiira limatukusira, limafumbutuka, limasunga chinyezi, ndipo limanka lidya chitsulo mpaka kuboola. Lakuda kapena lotuwa limamatirira, ndi lopyapyala, ndipo likakuta chitsulo limachedwetsa lofiira lija. Amayi ambiri amalidziwa ngakhale salitchula dzina: mpeni wakale wa kukhitchini umene wadula anyezi, matimati ndi mango kwa zaka zambiri umada, ndipo ukatero suvutanso ndi dzimbiri lofiira ngati mmene unkachitira uli watsopano. Mwana akaukwecha ndi mchenga kuti uyere, amaganiza kuti wathandiza, chonsecho wauvula chitetezo chake.

Eni mipeni safuna kudikira zaka, kotero amafulumizitsa kudako ndi asidi wofatsa wa m'zakudya. Choyamba amatsuka chitsulo ndi sopo kenaka ndi spiriti, chifukwa paliponse pamene patsala mafuta sipada, ndipo mpeni umatuluka wamawangamawanga. Akatero amaumiza mu viniga wofunditsa. Timathovu timayamba kutuluka, ndipo pakapita mphindi makumi awiri kapena atatu chitsulo chimakhala chitada. Amachitulutsa, kuchipukuta mwaye wakuda wosamatirira, ndi kuchimizanso mpaka mtundu utakhazikika. Ena amapaka mpiru wosinja wa m'mabotolo, umene uli ndi viniga m'kati, mwa madontho kapena mizere, ndipo mpeni umatuluka ndi mawanga ngati a nkhanga. Madzi a mandimu nawonso amagwira ntchito. Chofunika kwambiri chimadza pomaliza: asidi ayenera kuphedwa ndi madzi osungunuliramo soda wophikira, mpeni uumitsidwe bwinobwino, ndipo upakidwe mafuta nthawi yomweyo. Mpeni woiwalika mu viniga usiku wonse umadyeka, ndipo mbali yakuthwa ndiyo imayamba kukumbika.

Pali njira ina yakale imene opanga mfuti ankagwiritsa ntchito, yopereka khungu lolimba kuposa la viniga. Chitsulo chimasiyidwa dala kuti chichite dzimbiri lofiira lopyapyala, kenaka chimaphikidwa m'madzi oyera owira. Kuwirako kumasandutsa dzimbiri lofiira kukhala lakuda. Lotsalira pamwamba limakhulidwa ndi burashi yofewa, ndipo zonsezi zimabwerezedwa kangapo mpaka chitsulo chitada bii. Madzi owira sapitirira madigiri 100, kotero kulimba kwa mpeni sikukhudzidwa. M'masitolo a kunja mumagulitsidwanso timabotolo ta mankhwala odetsa chitsulo osatenthetsa, koma ambiri mwa iwo ali ndi selenium, amene ndi poizoni, ndipo sayenera kufika pa mpeni wodulira chakudya.

Khungu lakudali, lochokera ku viniga kapena ku madzi owira, limangochedwetsa dzimbiri. Silifika pa utoto wa ku fakitale, umene unkatsekereza madzi kotheratu. Chotsalacho ndi chizolowezi cha mwini mpeni. Mpeni ukagwira ntchito utsukidwe, upukutidwe mpaka kuuma, upakidwe kamafuta. Oyenera ndi mafuta oyera a mineral oil opezeka m'masitolo a mankhwala, kapena phula la njuchi. Ku Japan amakonda mafuta a mtengo wa camellia. Mafuta ophikira amathandiza pa mpeni wogwira ntchito tsiku ndi tsiku, koma pa mpeni wosungidwa nthawi yaitali amanata ndi kununkha. Oyilo wa galimoto amateteza bwino, koma malo ake ndi pa chikwanje cha kumunda, osati pa mpeni wa ndiwo. Chimake cha chikopa chimamwa chinyezi, kotero mpeni wosakutidwa usasungidwemo kwa miyezi.

Patsala malo amodzi amene nsalu yopukutira sifikapo, ndiwo kunsi kwa chigwiriro. Madzi ndi thukuta zimalowa m'mphepete mwake ndi kukhala mmenemo, ndipo dzimbiri limadya mobisika mpaka tsiku limene mabauti adzamasulidwe. Chifukwa cha ichi amisiri odziwa savula mpeni wonse. Asanamasule chigwiriro amalemba mzere mozungulira m'mphepete mwake, amamata tepi pa gawo lobisikalo kuti mankhwala asafikepo, ndipo utoto wa ku fakitale amausiya pamenepo monga unabwerera. Amene anaupala kale amapakapo phula lochindikala kapena penti asanabwezeretse chigwiriro, ndipo amamasula mabauti kamodzi pa chaka, mvula ikatha, kuti aone ngati m'katimo muli bwino.